A Dzimbiri ndi Pikapu Yokhota Mosemphana

Achimwene anga anthu amawatchula kuti a Dzimbiri. Dzinali linayamba ngati chipongwe cha anzawo akadali mnyamata, poti zovala zawo zinkakhala zofiira chifukwa chogona kunsi kwa galimoto zakale, koma linawakakamira mpaka lero. Ngakhale abusa akamawapempherera amayamba atsokomola kaye, kufunafuna dzina lenileni.

Ntchito yawo ndi kukonza mapikapu akale, aja a chitsulo chochindikala, a mpando umodzi wautali ngati benchi. Galimoto za masiku ano sazikhudza. Amati zimenezo si galimoto koma mafoni oyenda ndi matayala. Makasitomala awo ndi anthu amene akukalamba pamodzi ndi galimoto zawo: wonyamula mchenga, wogulitsa nkhuni, mlimi wina wa kabichi. Chaka ndi chaka amanka nachepa. Wina wamwalira, wina ana amulanda makiyi.

Galaja yawo inali kuseri kwa masitolo. Inali ya makoma atatu ndi denga la malata, pakati pali dzenje lolowamo pokonza kunsi kwa galimoto. M'makoma munali mashelefu odzaza zitini zakale za penti, chitini chilichonse ndi mtundu wake wa mabawuti. Kuti ufikeko unkadzera m'kanjira kokhota kawiri. Kale kanjirako kanali kotakasuka, lole inkalowa bwinobwino. Koma m'kupita kwa zaka anthu anamanga uku ndi uku, wina kashopu kometera, wina khoma la bafa, mpaka pikapu inkadutsa pokhapokha atapinda magalasi a m'mbali.

Chimwalirire amuna anga, ndinazolowera kupitako masana kukawasiyira chakudya, poti alamu amaweruka mochedwa ku ntchito yawo yochapa zovala kuchipatala. Ndinkakhala pa mpando wong'ambika wa galimoto umene anauika pakhomo, n'kumawaonerera. A m'banja mwathu sitilankhula zambiri.

Pakona ya galajayo panali pikapu yawoyawo. Anaipeza pa famu ina itakhala pansi pa mtengo, nkhuku zikuikira mazira pampando, udzu utamera kumbuyo. Anaikoka ndi chingwe ana awo akadali ku pulaimale. Pano anawo ali pabanja. Zaka zonsezo akhala akuiukitsa pang'onopang'ono, ntchito za eni zikawapatsa mpata. Galasi lakutsogolo analipeza kutali, nabwera nalo pa basi atalikumbatira pamiyendo, osatsika ngakhale pamene anzawo ankatsika kukawongola miyendo. Nyali yakumanzere anaipeza kwa mayi wina amene ankamwetseramo anapiye. Madigadi, chitsulo cha pamwamba pa tayala, anaiwongola okha ndi hamala yaing'ono, kumenya pang'ono, kusisita ndi chikhatho atatsinzina, kumenyanso. Anaipaka penti yobiriwira. Injini inkalira bwino, moti Loweruka lililonse ankailiza kanthawi, n'kuizimitsa.

Koma sinkatha, ndipo chifukwa chake ndi mtima wa achimwene. Kasitomala akabwera ndi chitsulo chothyoka chimene sichipezekanso m'sitolo, iwo ankayang'ana pikapu yawo, n'kuusa moyo, n'kutenga sipanala.

“Mudzabweze mukapeza chanu,” ankatero.

Alamu ankati, “Pikapu yanuyi ndi mayi woyamwitsa ana a eni, wake akulira.”

Umu ndi mmene linachokera bokosi la chiwongolero. Ndi chitsulo cholemera chokhala kunsi, chimene chimatenga mphamvu ya manja a dalaivala n'kuipereka ku matayala akutsogolo. Analibwereka wogulitsa nkhuni uja. Bamboyo atamwalira, ana ake anagulitsa galimotoyo kwa anthu akutali, bokosi n'kupita nayo. Chichokereni pamenepo chiwongolero cha pikapu ya achimwene chinkangozungulira chabe, matayala osamva kanthu.

Tsono mwini malo a galajayo anamwalira, ana ake n'kugulitsa malowo kwa anthu ofuna kumanga nyumba yosanja. Anabwera mwaulemu ndithu. Anati mwezi ukamatha achimwene akhale atasamuka, ndipo chilichonse chotsalira chidzaperekedwa kwa wogula zitsulo zakutha kuti achotse. Wogula zitsuloyo anthu amamutchula kuti Sikelo, poti chilichonse amachiona ndi maso a kulemera. Galimoto yokanika kutuluka amaidula ndi moto zidutswazidutswa, n'kutulutsa pa wilibala.

Sikelo anayamba kudzera pa galaja pafupipafupi. Tsiku lina anandipeza ndili pomwepo.

“Mwaswera bwanji, madala? Mwaswera, mayi? Nanga mkwatibwi wathuyu?” Anatero akusisita boneti.

“Chotsa dzanja pamenepo,” anatero achimwene ali m'dzenje.

“Ndikungopereka moni. Chitsulo ichi ndiye chitsulo, madala. Za masiku anozi ukadula zimangokhala ngati chitini cha mkaka.”

“Udzadula agogo ako.”

“Agogo anga ndinadula kale, analibe kulemera.” Anaseka yekha, kenaka anatsitsa mawu. “Zoona zake, madala, sindikufuna kuidula. Koma ikatsala muno, akandituma. Itulutseni basi.”

Kuitulutsa kwake ndiye kunalibe njira. Lole yonyamula galimoto sikanalowa m'kanjira kaja. Kukankha kapena kukoka ndi chingwe kumafunabe chiwongolero, makamaka pa makona awiri opapatiza ngati amenewo. Mnzawo wowotcherera zitsulo, amene shedi yake inali pafupi, anati mwina aitane anthu ainyamule kutsogolo. Anayesa. Anthu anatupa mitsempha ya m'khosi, pikapu osasuntha ndi pang'ono pomwe.

Choncho achimwene anayambiranso kufunafuna bokosi. Ankaimba foni m'mawa, ankaimba masana. Ankakwera mabasi kupita m'mabwalo a galimoto zakufa, kubwerako madzulo nsapato zili mbuu, m'manja muli chabe. Kwina ankawaseka. Kwina ankawauza kuti, “Mukanabwera chaka chatha.” Maondo awo anayamba kutupa. Chakudya ndinkachipeza mawa lake chili chivundikirire.

Pa nkhani yogula masipeya akutali achimwene ali ndi lamulo lawo. Ananamizidwapo kale ndi anthu otumiza zithunzi za zinthu zimene alibe. Ndiye amati aliyense wofuna kuwagulitsa kanthu atumize chithunzi atachinyamula yekha, nkhope ikuoneka. Amati munthu amene waonetsa nkhope amachita manyazi kunama.

Mwezi uli pakati, uthenga unafika kuti mkulu wina wa kutali kwambiri ali nalo bokosi la mtundu womwewo. Achimwene anamuimbira, namuuza lamulo lija. Chithunzi chinabwera: nkhalamba yovala kapusi, itakumbatira bokosilo pachifuwa ndi dzanja limodzi, nkhope ili gwa ngati chithunzi cha pa chiphaso. Achimwene anavala magalasi, nakulitsa chithunzicho ndi zala zawo zakuda. Anawerenga mabowo a mabawuti. Anayang'ana mbali imene mkono wa bokosilo waloza. Analowa m'dzenje ndi foni, kufananiza ndi malo ake. Atatuluka anandipatsa foni.

“Ndi lomweli, achemwali. Ndi lomweli ndithu.”

Ndinati, “Mulungu ndi wabwino.”

“Ndi wabwino,” anavomera, ndipo tsiku limenelo anadya chakudya chonse.

Bokosilo linabwera pa basi, lili m'thumba lomangidwa ndi waya. Linali Loweruka, alamu sanapite ku ntchito, ndiye tonse tinali pa galaja. Achimwene analitsuka ndi petulo m'beseni, analipukuta, analipaka girizi. Wowotcherera uja anawathandiza kulitsitsira m'dzenje. Ife tinkangomva zitsulo zikugundana, ndi kupuma kwawo. Kenaka kunangoti zii.

“Bwanji kumeneko?” anafunsa alamu.

Patapita kanthawi tinamva wowotcherera akuti, “Tembenuzani.” Zitsulo zinagundananso. Ziii.

Achimwene anatuluka m'dzenje pang'onopang'ono ngati munthu wochokera kumanda. Anakhala pa tayala. Anati mabowo onse alipo, kukula kwake n'komweko, koma chilichonse chili mbali inayo. Cha kumanja chili kumanzere, cha kumanzere chili kumanja.

“Ndiye akutumizirani lina, osati la pachithunzi,” anatero wowotcherera. “Anthu ndi akuba.”

Achimwene anapukusa mutu. Anaonetsa pamene bokosilo linakalika pakona, ndi pachithunzi pomwe kukalikako kunalipo. Linali lomwelo. Alamu anatenga foniyo, naiyang'ana atatambasula mkono, poti magalasi awo anaiwala kunyumba.

“Bambo, kapusi ya mkuluyu yalembedwa chiyani?”

“Kapusi ndi ya chiyaninso, mayi?”

“Taonani zilembozi. Zikuyambira kumapeto.”

Tonse tinaunjikana. Zinalidi choncho. Zilembo za pa kapusi zinali zotembenuka, ngati mmene zimaonekera ukaima pa galasi lodziyang'anira. Wowotcherera anagwira pakamwa.

“Anadzijambula yekha,” anatero. “Foni ukaitembenuzira kwa iwe mwini, zina zimajambula ngati galasi. Mkuluyu anadzijambula yekha!”

Tsiku limene chithunzi chinabwera, achimwene anayang'ana mabowo, anayang'ana mkono wa bokosi, anayang'ana nkhope ya munthu ngati ndi yonama. Kapusi sanaiyang'ane. Bokosilo linachokera ku pikapu ya kumaiko amene chiwongolero chimakhala mbali inayo.

Anamuimbira mkulu uja, foni ataikweza mawu. Mkuluyo anamvetsera mpaka kumapeto, kenaka anati, “Pepani, akulu anzanga. Koma munati mukufuna nkhope yanga. Ine pano ndimakhala ndekha, akanandijambula ndani? Galimoto yake ndinaipeza ili yoduladula kale, sindinaone kumene kunali chiwongolero.” Anati akhoza kulibweza. Lina analibe, ndipo sankadziwa amene ali nalo.

Achimwene anati, “Zikomo, akulu. Si mlandu wanu.”

Masiku otsatira sanaimbenso foni. Anayamba kusamutsa zitini za mabawuti, kunyamula pa wilibala kupita nazo kunyumba, alamu n'kumadandaula kuti m'chipinda cha ana mwasanduka sitolo. Ndinkawapeza atakhala pa tayala lija, bokosi lili pakati pa miyendo, akulitembenuza uku ndi uku. Tsiku lina ndinawauza kuti pakhomo panga malo alipo, pamene pankaima galimoto ya malemu amuna anga. Ndi pafupi, misewu yochepa chabe kuchoka pa galaja.

“Malo si vuto, achemwali. Vuto ndi makona awiriwa.”

Mwezi utatsala pang'ono kutha, ndinapeza wowotcherera ali m'dzenje ndi moto wake, akukangana ndi achimwene.

“Ine ndiwotcherera, a Dzimbiri, poti mwandipempha. Koma ndiuzeni kaye: mukufuna kufa kapena kupha?”

“Wotcherera, usiye ulaliki. Alaliki tili nawo kale.”

Anandifotokozera. Bokosilo akalitembenuza chadodolido, n'kuliwotcherera kachitsulo kolimangirirapo, limalowa ndipo limagwira matayala. Koma limagwira mosemphana. Ukapotoza chiwongolero kumanja, galimoto imapita kumanzere. Ukapotoza kumanzere, imapita kumanja.

Alamu atamva anakhala pansi. “Zaka zonsezi ndakupirirani, bambo. Girizi pa mapilo ndapirira. Tsopano mukufuna ndikakuoneni kundende?”

“Ndiyenda ngati kamba, mayi. Giya yoyamba yokha.”

“Kamba sakhota mosemphana.”

Koma anadziwa kuti sawaletsa. Anasankha Lamulungu masana, masitolo atatseka, m'misewu muli anthu ochepa. Ine ndinachokera ku tchalitchi, ndi zovala zomwezo. Achimwene ananditengera pambali.

“Achemwali, mukhale nane kutsogolo. Mutu wanga ukudziwa, koma manjawa sadziwa. Ayendetsa galimoto moyo wonse njira imodzi. Ndiye inu muzindiuza. Njira ikakhotera kumanja, muziti kumanzere. Ikakhotera kumanzere, muziti kumanja. Ine ndizingomvera inu, msewu ndiziuona pang'ono chabe.”

“Mukundiphunzitsa bodza pa tsiku la Mulungu, achimwene.”

“Mulungu akumvetsa. Nayenso anakonzapo zinthu zakutha.”

Tinapemphera mwachidule, wowotcherera atavula chipewa. Iye anatsogola wapansi kuti azichotsa anthu m'njira. Alamu anatsatira pambuyo atanyamula njerwa yoika ku tayala zikavuta. Sikelo naye anabwera, anaima patali manja ali m'thumba.

Injini inalira. M'katimo munkanunkha oyilo ndi penti. Achimwene anagwira chiwongolero ndi manja onse awiri, n'kuchotsa phazi pang'onopang'ono. Pikapu inagwedezeka, inasuntha, inatuluka pansi pa denga. Dzuwa linagwa pa boneti yobiriwira, ndipo ndinaona kuti penti ija ndi yokongola kuposa mmene inkaonekera mumthunzi.

Kona yoyamba inali yokhotera kumanja. Pakamwa panga panafuna kunena zimene maso akuona.

“Kumanzere, achimwene. Kumanzere. Onjezani. Basi, bwererani pang'ono kumanja.”

Khoma la bafa linadutsa pafupi ndi khutu langa, moti ndikanatha kulikhudza. Tinadutsa. Thukuta linkatsika m'khosi mwawo. Wowotcherera kutsogolo ankayenda chafutambuyo, akukupiza manja ngati wotsogolera kwaya.

Pa kona yachiwiri, yokhotera kumanzere, ndinanena bwino ndithu. “Kumanja, kumanja.” Anamvera, ndipo mphuno ya galimoto inayamba kulowa. Pomwepo chitseko cha kashopu kometera chinatseguka, mayi wina n'kutuluka ndi beseni la madzi oti ataye. Sanali pafupi kwenikweni. Koma manja a achimwene sanadikire mawu anga. Anachita zimene akhala akuchita moyo wonse, kupotoza kuti amuthawe, ndipo galimoto inalunjika kwa iye. Ndinakuwa. Sindikudziwa kuti ndinatchula mbali iti. Anabweza chiwongolero mwamphamvu, naponda buleki, koma mochedwa. Pikapu inasiya mayiyo n'kukagunda ngodya ya khoma. Tinamva chitsulo chikupindika, ndi galasi likuyoyoka.

Mayiyo anaima ndi beseni lake, madzi atamuthira m'miyendo. “Kodi mwaledzera, bambo inu? Masana ano?”

“Pepani, mayi,” anatero achimwene, mawu ali pansi. “Ndi galimotoyi, ili ndi maganizo ake.”

Alamu anali ataika kale njerwa ku tayala, akulira mosatulutsa mawu. Wowotcherera anayang'ana kutsogolo kwa galimoto, nayang'ana achimwene. Madigadi yakumanzere inali itakwinyika ngati pepala, nyali itaphwanyika. Achimwene sanatsike kukaona. Anangofunsa kuti, “Tayala likukhudza?”

Sikelo ndi amene anagwada, nalowetsa manja, n'kukoka chitsulocho kuti chisiyane ndi tayala. “Silikukhudza tsopano, madala. Bwererani pang'ono. Ayi, mbali inayo. Aaa, kaya mbali yake ndi iti, inu mukudziwa.”

Tinabwerera, tinakhota, tinatuluka m'kanjira. Msewu waukulu unali wowongoka, koma kuwongokako kunali kovuta kuposa makona, chifukwa galimoto ikasendera pang'ono, dzanja limafuna kuibweza lisanaganize. Tinkayenda mokhotakhota ngati munthu wodwala chizungulire. Anthu pa makonde ankaimirira. Wanjinga wina anatipitirira, natembenuka, n'kufunsa ngati tikuperekeza maliro. Ine ndinkangoti kumanja, kumanzere, kumanja, mpaka mawuwo anatha tanthauzo m'kamwa mwanga. Pakati pa mawuwo ndinkapemphera.

Pa geti langa analowa bwino, osakhudza paliponse. Anaimika, nazimitsa injini. Manja anakana kuchoka pa chiwongolero. Anachita kuchotsa chala chimodzichimodzi.

Ndinati, “Yatuluka, achimwene.”

“Yatuluka,” anatero.

Sanapume. Anapempha jeke, nalowa kunsi pomwepo pa dothi, ndi wowotcherera, n'kumasula bokosi lija. Anati silingagone m'galimotomo ngakhale tsiku limodzi, kuopa kuti wina angadzaiwale n'kuiliza. Kenaka anazungulira kutsogolo. Anaima nthawi yaitali akuyang'ana madigadi. Anatambasula dzanja ngati akufuna kuikhudza, koma analibweza, n'kuliika m'thumba la ovolosi.

Galaja anaigwetsa sabata yomweyo. Pano achimwene amakonzera galimoto pakhomo pa eni ake, akaitanidwa, ndipo saitanidwa kawirikawiri. Pikapu ili pakhomo panga, matayala akutsogolo ali pa njerwa, nditaifunditsa lona. Bokosi loyenera silinapezekebe. Nthawi zina amabwera, n'kukweza lona mbali yabwinoyo, kuyang'ana, n'kutsitsa. Za hamala yowongolera madigadi sananenepo, ndipo ine sindifunsa.

Koma Lamulungu lija, atatha zonse, anapempha madzi ndi sopo. Anasamba m'manja pakhonde nthawi yaitali. Alamu ndi ine tinalowa kukaphika tiyi. Potuluka ndi makapu tinawapeza atagona pa benchi, nsapato zili kuphazi, pakamwa pali yasa, dzuwa likuwawomba kumaso. Alamu anafuna kuwadzutsa. Kenaka anangosuntha mpando wawo, nakhala mbali ya dzuwa kuti awatchinge, ndipo tinamwa tiyi wathu mwakachetechete.